Mudya maluwawo?

Funso limeneli azakhali anga alimva mpaka kutopa nalo. Kuyambira tsiku lomwe anadula kachigawo ka dimba lawo m'munsi mwa phiri ku Choma uko kufupi ndi Mzuzu, pomwe kale ankabzala mpiru ndi tomato, n'kuyamba kuikapo maluwa, aliyense wodutsa pakanjira kopita kumtsinje ankaima kaye n'kufunsa kuti amama, kodi mudya maluwawo? Ena ankafunsa mwachifundo ndithu poganiza kuti mwina chisoni cha imfa ya amuna awo chawasokoneza, ena ankangoseka basi. Inenso mumtima funso linali lomwelo, kungoti munthu wamkulu sumufunsa choncho pamaso.

Kwathu ndi ku Dedza cha ku Bembeke, azakhaliwa ndi mlongo wawo wa bambo anga ndipo anakwatiwa kuno ku mpoto ine ndisanabadwe. Chitumbuka amachiyankhula ngati mbadwa koma akangondiona ine amabwerera ku Chichewa cha kwathu chija. Ine ndinabwera ku Mzuzu pankhani ya ntchito, ndimakhala ku Chibavi, nde pambali pa ntchitoyo ndimapanga dekoreshoni ya maukwati ndi zinkhoswe, komanso nkhata zamaliro. Kwa zaka zambiri zonse ndimapangira maluwa apulasitiki ogula pamsika, amene amabwera m'makatoni kuchokera kunja, umawatsuka ukwati ukatha n'kuwasunga kudikira wina. Sindinkaona vuto lililonse, aliyense amapanga choncho.

Chomwe chinandisintha ndi maliro. Usiku wina cha m'ma 9 koloko foni inalira, mnzanga wa kutchalitchi wataya mayi ake, mwambo woika m'manda ndi mawa lake ku Zolozolo, nde akulira akundiuza kuti asisi, mayi anga ankadana ndi zapulasitiki, ankati munthu wamoyo asapatsidwe duwa lakufa ndipo wakufa asapatsidwe duwa lomwe silinakhaleko ndi moyo, chonde ndipezereni maluwa enieni. Usiku umenewo ku Mzuzu maluwa enieni okwana nkhata zisanu ndi imodzi uwapeza kuti? Ndinayimbira azakhali ndili ndi manyazi chifukwa ndinali ndisanawagulepo olo duwa limodzi. Iwo anangoti, mwana wanga usadandaule, gona, tambala woyamba akalira ndikhala ndili kudimba. Cha m'ma 6 mamawa mnyamata wa kabaza anafika pageti ndi ndowa ziwiri zomangidwa ndi mphira kumbuyo kwa njinga yamoto, zovundikira ndi masamba a nthochi. Nditavundukula fungo lake linadzaza khonde lonse, malili oyera aja otalika bwino, ma hydrangea a buluu akuluakulu ngati mutu wa kabichi, ndi masamba obiriwira odzazira. Manja ankanjenjemera ndikumanga nkhatazo.

Kumandako nthawi yoyala nkhata itakwana ndinayang'ana manda ozungulira. Amene munapitako ku Zolozolo mukudziwa zomwe ndikunena, nkhata zapulasitiki zakale zili mbwee, zina zasuluka ndi dzuwa zina mvula yazikokolera m'kanjira, waya wake wachita dzimbiri, ndipo sizidzaola olo patapita zaka zingati. Za mayi a mnzangawo pakutha pa milungu iwiri zinali zitafota n'kubwerera kudothi. Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti ndalama zonse zomwe anthu a mu Mzuzu timawononga pa nkhata mlungu uliwonse zimathera kwa munthu wa fakitale yakutali amene sadziwa n'komwe kuti kuli malo otchedwa Choma, pomwe maluwa enieni akuphuka okha m'mapiri otizungulirawa.

Chifukwa kunena zoona dera lathu linoli maluwa amalikonda. Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, m'mphepete mwa mapiri a Viphya, ndipo kuzizira kuja timakudandaula mu June ndi July, nkhungu ija imatseka msewu wa ku Chikangawa mpaka dalaivala kumayenda ngati akuperekeza maliro, mvula ija imakana kusiya mpaka April ndi May pomwe anzathu kumwera akukolola, zonsezo kwa duwa ndi chakudya. Duwa likamakula pamalo pozizira usiku silithamanga, phesi limanenepa, mutu umakula, mtundu umakhala wowala. Dothi lathu lofiirali ndi la asidi, n'chifukwa chake khofi ndi tiyi amachita bwino kuno, ndipo n'chifukwa chakenso hydrangea wa azakhali amatuluka wa buluu weniweni, ukamubzala pa dothi lopanda asidi yemweyo amatuluka wa pinki. Makasitomala ena amandifunsa ngati ndapaka penti. Malili oyera aja amakonda pachinyontho, m'mbali mwa kasupe momwe chimanga chimangochita chikasu n'kufa, nde azakhali anawaika pamalo pomwe kale panali pongotaya.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimodzi chomwe anthu amalakwitsa akamamva nkhaniyi. Azakhali sanazule chimanga. Munda wa chimanga ulipo, nyemba zilipo, chinangwa ndi nthochi zilipo. Maluwa atenga kamalo kakang'ono, mwina ngati bwalo la netibo, ndi m'mphepete mwa mizere. Ndimamva anyamata ena pa Facebook akulimbikitsana kuti siyani chimanga lowani bizinesi, ine zimenezo sindigwirizana nazo olo pang'ono, mayi wa kumudzi wosunga zidzukulu zinayi sangaike moyo wa ana pa chinthu chomwe chimafota pa masiku asanu. Chomwe maluwa achita pakhomo paja n'chakuti abweretsa ndalama ya mlungu ndi mlungu. Fodya umadikira chaka chonse mpaka msika wa okushoni utsegule, khofi ukabzala umadikira zaka zitatu kapena kuposera kuti uyambe kuthyola ndipo ndalama yake imabwera kamodzi pachaka, koma sopo, mchere, chigayo, kope la mwana, panado, zimenezi sizidikira chaka. Ndowa imodzi Lachisanu lililonse ndi imene imatseka mabowo amenewo. Ndalama ndimawatumizira pa Mpamba kapena Airtel Money tsiku lomwelo, gawo lina amakaponya ku banki m'khonde Lachiwiri.

Anthu ophunzira ndikawauza nkhaniyi amathamangira ku Kenya. Inde, ku Kenya m'mbali mwa nyanja ya Naivasha kuli minda ikuluikulu ya marozi m'nyumba zapulasitiki, amadula lero, usiku ali mundege ku Nairobi, mawa lake akugulitsidwa pamsika waukulu wa maluwa ku Aalsmeer m'dziko la Netherlands. Ethiopia nayo inalowa bizinesi yomweyo n'kupita nayo patali. Nde amati bwanji ifenso, nyengo tili nayo. Nyengo tili nayodi koma duwa la ku Kenya chichokereni m'munda silituluka m'malo ozizira, chipinda chozizira kumunda, galimoto ya firiji, chipinda china pabwalo la ndege, ndege yonyamula katundu tsiku lililonse. Ife kuno bwalo la ndege lomwe lingatulutse katundu kunja ndi la Kamuzu ku Lilongwe, makilomita oposa 300 kudzera Chikangawa, Jenda, Kasungu, magetsi ndi ozimazima, ndipo mlimi wake ali kuseri kwa phiri komwe mvula ikagwa galimoto silowa. Ine sindikuti zosatheka mpaka kalekale ayi, koma zimandipweteka kuti tikamalota za ku Netherlands timalumpha msika womwe uli pakhomo pathu penipeni, womwe panopa wadzaza ndi pulasitiki.

Taganizani Loweruka limodzi la mwezi wa September mu Mzuzu muno kumakhala maukwati angati, ku Katoto, ku Luwinga, ku Chiputula, ku Mchengautuwa, holo iliyonse yodzaza, galimoto zokongoletsedwa zikuimba mahutala mu tauni monse. Lamulungu guwa la tchalitchi lililonse limafuna maluwa, Akatolika ku St Peter's, a CCAP, a Anglican, ma Pentekoste osawerengeka aja. Pa Pasaka oyera amasowa. Tsiku la graduweshoni ku yunivesite ya Mzuni makolo amafuna kanthu kopatsa mwana wawo. Pa 14 February achinyamata amasaka marozi, pa 15 October Tsiku la Anakubala aliyense amafuna kusangalatsa mayi ake. Malo ogona alendo ali muno mu tauni, ena ali ku Nkhata Bay komwe ndi ulendo wa ola limodzi pa msewu wa M5 ndipo kunyanjako kumatentha, maluwa a kumapiriwa sachita bwino. Ndiye maliro, omwe sasankha mwezi. Msika umenewu sufuna ndege, umangofuna munthu wodalirika amene ukamuimbira Lachinayi, Lachisanu mamawa katundu wafika.

Koma musaganize kuti ndi ntchito yofewa chifukwa choti ndi maluwa. Azakhali amadzuka 4 koloko ndi tochi ya pafoni chifukwa duwa lodulidwa dzuwa litatuluka limakhala latopa kale, silichedwa kuweramitsa mutu. Amadula ndi mpeni wakuthwa mopendeketsa, kuchotsa masamba onse am'munsi kuti asaole m'madzi, n'kuponya mu ndowa nthawi yomweyo. M'madzimo amathira shuga pang'ono ndi timadontho ta jiki, shuga ndi chakudya cha duwa, jiki amapha tizilombo tomwe timatseka phesi kuti lisamwe. Ndowa imatsukidwa ngati yoti umweremo. Hydrangea ndiye wovuta kwambiri, ukamudula asanakhwime pofika ku Chibavi amakhala atalefuka ngati nsanza, tinataya ambiri tisanaphunzire kudikira mpaka timasamba ta duwalo tiume pang'ono ngati pepala. Chilimwe chikafika ndi kuthirira ndi keni mamawa ndi madzulo, kukwera ndi kutsika kamtunda kaja, ndipo azakhali si mwana.

Ndipo tagwapo kangapo. Chaka china tinakonzekera 14 February ndi marozi, azakhali anadulira mitengo yawo pa nthawi yake, masamba atsopano anatuluka bwinobwino, kenako mvula ya Mzuzu inagwa mlungu wathunthu osapuma, masamba anachita madontho akuda n'kuyoyoka, mitu inaola isanatseguke. Tinapeza marozi osakwana ndowa imodzi pomwe ine ndinali nditalandira kale maoda, ndinabweza ndalama za anthu mmodzimmodzi ndikupepesa. Apo ndi pomwe tinamvetsa chifukwa chake a ku Kenya amavundikira marozi awo, rozi safuna kunyowa kumutu. Pano azakhali anamanga kadenga ka pulasitiki pa mitengo ya bulugamu pamwamba pa mizere iwiri yokha, zambiri sangakwanitse. Ulendo wina wa kabaza anaterereka pamatope pa msewu wa ku Choma uja, womwe umapitirira mpaka ku Usisya, mwamwayi iye sanavulale koma malili onse anathyoka makosi. Chomwe chinandiwawa kuposa zonse ndi malo ena ogona alendo omwe anatiuza kuti tiziwapatsa maluwa Lolemba lililonse azilipira pakutha pa mwezi, tinapereka miyezi itatu, ndalama inabwera ya mwezi umodzi, kenako bwana sali muofesi, bwerani mawa, cheke sichinasainidwe. Ine ndili ndi malipiro a pamwezi ndikhoza kupirira, koma gogo amene anadzuka 4 koloko mu June chisanu chikuluma zala, kumudyera thukuta lake ndi tchimo ndithu. Ndinawalipira azakhali kuchokera m'thumba mwanga osawauza. Kuyambira pamenepo lamulo langa ndi loti theka patsogolo, lotsala polandira katundu, olo ukhale ndani.

Chinanso chomwe tinaphunzira mochedwa ndi kuwerenga masiku chobwerera m'mbuyo. Gladiolus, uja wamtali ngati mkondo amene amamera kuchokera ku kachinthu kooneka ngati anyezi, amatenga pafupifupi miyezi itatu kuti aphuke, nde ngati ukumufuna pa 15 October uyenera kumukwirira pakati pa July, osati onse tsiku limodzi koma mzere uno mlungu uno, mzere winawo mlungu wamawa, kuti wina akafulumira wina akachedwa usasowe chodula. Azakhali sanapite patali ndi sukulu koma kalendala ya kutchalitchi yomwe ili pakhoma pawo yadzaza ndi timizere ta bolopeni, amadziwa kuti Pasaka chaka chino agwa liti ine ndisanadziwe. Feteleza sagula wa maluwa, amagwiritsa ntchito manyowa a mbuzi ndi nkhuku osakaniza ndi masamba, zomwe zinatipulumutsa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 thumba la feteleza litakwera mutu. Nthawi yomweyo maluwa apulasitiki nawo anakwera mtengo chifukwa amagulidwa ndi ndalama yakunja, nde anzanga ena a dekoreshoni omwe ankandiseka anayamba kundifunsa kuti asisi, agogo anu aja angatipatseko?

Pali nkhani ina imene imandikhudza ndikamaganiza za maluwa ndi mapiri a kuno. Mapiri athuwa anali ndi maluwa kale ife tisanabzale olo limodzi. Ku Nyika, ku Rumphi uko, kuli mitundu ya maluwa a orchid yoposa 200, mvula ikagwa cha mu January ndi February udzu wonse wa pamwamba paja umasanduka munda, alendo amachokera kutali kudzangoona zimenezo. Koma ambiri mwa maluwa amenewa pansi pake pali timbatata tomwe anthu amakumba kupangira chinaka, chija anzathu a ku Zambia amachitcha chikanda, ndipo msika wake ndi waukulu mpaka timbatata timawoloka malire m'matumba. Ukakumba kambatata wapha duwa lonse, chaka chamawa palibe chomera pamenepo. Ine chinaka ndimadya ndipo sindingaloze chala mayi amene akukumba kuti ana ake adye, umphawi suona kukongola. Ku Tanzania anafika poteteza phiri la Kitulo mu 2005 kukhala paki makamaka chifukwa cha maluwa ake, anthu a kumeneko amalitcha munda wa Mulungu. Chomwe ndimaganiza ine n'chakuti mayi yemwe uja akanakhala ndi mizere isanu ya malili ndi gladiolus kuseri kwa nyumba, yomwe akadula imaphukanso, ndi munthu womugula mokhulupirika Lachisanu lililonse, mwina khasu lake silikanakwera phiri kawirikawiri choncho.

Vuto lomwe tili nalo panopa ndi loti azakhali okha sakwanitsa. Ukwati waukulu umodzi umatha dimba lonse, mlungu wotsatira ndilibe chopatsa anthu. Amayi atatu oyandikana nawo, awiri mwa iwo ndi omwe aja ankafunsa za kudya maluwa, anabwera kudzapempha mbewu, azakhali anawagawira timitengo ta hydrangea ndi mizu ya malili osawalipiritsa, anangoti mudzandibwezere mbewu ikachuluka. Pano amasonkhanitsa ndowa zawo pakhomo pa azakhali kuti wa kabaza mmodzi anyamule zonse, mtengo wa thiransipoti agawane. Ndikaona zimenezi ndimakumbukira mmene alimi a khofi anachitira, mlimi mmodzi wa ku Misuku kapena ku Phoka payekha sakanafika patali, koma atagwirizana pansi pa bungwe la Mzuzu Coffee khofi wawo akudziwika mpaka kunja. Maluwa akufunika zofanana nazo olo zazing'ono, kagulu, kachipinda kozizira ka sola penapake pafupi ndi msewu, munthu mmodzi wogwira foni ndi kulemba maoda. Ndimalakalakanso alangizi a zaulimi atamaphunzitsidwako za maluwa, chifukwa masamba a rozi akachita madontho azakhali alibe womufunsa kupatula ine, nane ndimangofufuza pa intaneti usiku n'kuwafotokozera pafoni. Tili ndi malo a kafukufuku wa zaulimi ku Lunyangwa pompano, tili ndi munda wa boma wosungira zomera mu Mzuzu momwemuno, nzeru zili pafupi, zikungofunika kukwera phiri.

Ndipo inu okonza maukwati, makomiti a maliro, amayi a chigwirizano ndi a mvano okongoletsa kuguwa, mukamapanga bajeti muzifunsako kaye ngati pali maluwa enieni musanathamangire katoni. Nthawi zina mtengo ndi wofanana, nthawi zina enieniwo amakwererapo pang'ono, sindikunamizani, ndipo sungawasunge kudikira ukwati wa mng'ono wako. Koma ndalamayo mukudziwa komwe yapita, ndikhoza kukuuzani dzina la chigayo chomwe ikathere.

Mwezi wathawu ndinapita kukawaona azakhali, ndinakwera kabaza yemwe uja amanyamula ndowa. Ndinawapeza atagwada mu mzere akukwirira gladiolus, chitenje chili matope okhaokha, kamdzukulu kakuwapatsira mbewu kuchokera mu lichero. Ndinawauza kuti azakhali, bwanji osapumako, msana umenewo mudzaumva. Anandiyang'ana n'kunena kuti mwana wa achimwene, yunifolomu ya uyu yachokera mu mzere uwu, malata awiri aja ndinasintha padenga achokera kwa malili a kukasupe, nde ukuti ndipume ndani andigulire? Kenako anandituma kuti ndikafika ku tauni ndiwafunire mbewu ya gladiolus wofiira chifukwa yomwe ali nayo ndi ya pinki ndi yoyera yokha, ndipo chaka chatha pa Tsiku la Anakubala anthu atatu anafunsa wofiira. Ndafunsa kale m'mashopu awiri a mbewu, alibe. Loweruka ndikayesa kwa mayi wina wa ku Lusangazi amene ndamva kuti ali naye kuseri kwa nyumba yake, mwina angalole tisinthane ndi hydrangea.